Kompyuta imodzi, madesiki 20: maofesi a ku Thyolo afunse kaye asanagule

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Ambirife nkhaniyi inangotidutsa, poti kutacha makompyuta anayaka ngati kale, Excel inatseguka, nyimbo zinalira. Chimene chinatha tsiku limenelo ndi zigamba zaulere zimene Microsoft inkatumiza mwezi ndi mwezi zotseka mabowo amene akuba a pa intaneti amalowerapo. Kuyambira pamenepo, bowo latsopano likapezeka, kampani imene sinalipire palibe woitsekera.

Wina anena kuti basi ingoikani Windows 11. Vuto ndi loti Windows 11 imasankha makina. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8 kubwera kuno, ndiye kuti makina opangidwa cha m'ma 2017 kapena 2018 kupita kutsogolo. Tsono tonse tikudziwa komwe makompyuta ochuluka a m'maofesi athu amachokera. Ndi a kaunjika, anagwira kale ntchito ku Ulaya kapena ku Joni, kuno anabwera kudzapuma. Amenewo Windows 11 imawakana.

Amene akufuna kupitiriza kulandira zigamba pa Windows 10, Microsoft inawaikira mtengo: kampani izilipira madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, 122 chaka chachiwiri, 244 chaka chachitatu, kenako basi zatha. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, wa pafupifupi K1,750 pa dola, chaka choyamba chokha ndi K106,000 ndi kanthu pa kompyuta imodzi. Ndipo amenewo ndi masamu a munthu amene dola waipeza kubanki. Inu ndi ine tikudziwa mmene zilili.

Ndiye ofesi iliyonse, kaya ndi ya esiteti ya tiyi, SACCO, sukulu ya pulayiveti ku Luchenza kapena holoselo pa Bvumbwe, ili ndi njira zinayi. Kugula makina atsopano, kulipira Microsoft, kungotseka maso n'kumapemphera, kapena kusintha kagwiridwe konse ka ntchito. Njira yachinayiyi ndi imene ndikufuna tiyione bwino, chifukwa ndi imene ogulitsa zipangizo amaikometsa kwambiri: kompyuta imodzi yamphamvu pakati, ena onse n'kumagawana.

Thin client ndi chiyani?

Tiyerekeze ofesi ya anthu 20. Mmene tinazolowera, aliyense amakhala ndi kompyuta yake, chibokosi pansi pa desiki, mapulogalamu ake, mafayilo ake, mavairasi akenso. Njira inayo imati ayi, gulani kompyuta imodzi yamphamvu, seva, muikhomere m'chipinda chake. Pa desiki iliyonse pazingokhala sikirini, kiyibodi, mausi ndi kabokosi kakang'ono ngati dikoda ya TV. Kabokosiko ndi kamene amati thin client. Ikako sikaganiza kanthu. Mukadina batani, kamangotumiza uthenga ku seva, seva n'kugwira ntchitoyo, n'kubweza chithunzi cha zimene zachitika. Inu pa sikirini mumaona ngati kompyuta ndi yanuyanu, pomwe anthu 20 nonse mukudyera mbale imodzi, aliyense mbali yake.

Aliyense amalowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Akalaliki a malipiro atachoka pa desiki yawo n'kukakhala pa desiki ya kusitolo, akalowa apeza mafayilo awo momwe anawasiyira, poti mafayilowo sanali pa desiki n'kale, anali pa seva.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa makolo athu ena. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mabanki ndi mayunivesite a kunja ankagwira ntchito chonchi, chikompyuta chimodzi chodzaza chipinda ndi timasikirini tambirimbiri. Makompyuta a pa desiki atatchipa m'ma 1980, aliyense anafuna yake. Kenako makampani ataona kuti kusamalira makina mazanamazana ndi mutu waukulu, anayamba kubwerera. Citrix inatulutsa WinFrame mu 1995, Microsoft inatulutsa Terminal Server yake mu 1998, ndipo mu 1999 anthu a Linux anayamba LTSP, yaulere, imene imachititsa kompyuta yakutha kugwira ntchito ngati thin client. Mfundo yomalizayi muisunge, tibwererako.

Kuno kwathu zinachitikapo

Musaganize kuti ndi za azungu zokha. Ngati munaonapo kalaliki wa chipatala cha boma akudinadina sikirini ndi chala, n'kusindikiza kastika kokhala ndi timizeremizere, n'kukamata m'kabuku kanu ka kuchipatala, ndiye kuti nzeru imeneyi munakumana nayo kale.

Ntchito ija inayamba mu 2001 pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene pano ndi Kamuzu Central, ndi Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health. Anatenga timakina totchedwa I-Opener, timene kampani ya Netpliance ya ku America inapangira anthu ongofuna kuona intaneti kunyumba koma malonda ake anakanika. Anatigula motchipa, n'kutiika sikirini yodina ndi chala, n'kutilumikiza ku seva imodzi. Magetsi ake ankadutsa m'waya womwewo wa netiweki kuchokera ku mabatire, moti ESCOM ikathimitsa, kalaliki ankapitiriza kulembetsa odwala. Mu 2006 njira yomweyi inayamba kugwira ntchito ku kiliniki ya ma ARV pa Queen Elizabeth ku Blantyre, kenako inafalikira zipatala zina zambiri.

A Baobab sankagawana desktop ya Windows ayi, timakina tawo tinkangotsegula pulogalamu imodzi ya pa seva. Koma mtima wake ndi womwewo: nzeru zonse pakati, pa desiki kamakina kotchipa kosadya magetsi. Ndipo chimene chinawapambanitsa sichinali kabokosiko. Chinali choti anayamba aganizira za magetsi athu, fumbi lathu, ndi kalaliki amene sanagwirepo mausi chibadwire.

Ku South Africa nakonso, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Shuttleworth Foundation inakhazikitsa ma tuXlab m'sukulu za ku Western Cape, zipinda za makompyuta akale olumikizidwa ku seva imodzi ya Linux. Ndiye umboni woti zimatheka mu Africa muno ulipo.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza tiyi

Munthu akamadutsa pa msewu wa Limbe kupita ku Thyolo amangoona kubiriwira, ndi anthu atabereka madengu. Koma kuseri kwa minda ija kuli maofesi, ndipo ntchito yaikulu ya m'maofesimo ndi manambala. Satemwa, imene inayamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima, ndi minda ya Eastern Produce, onsewa ndi mabizinesi amene moyo wawo uli pa sikelo.

Taganizani ulendo wa kilo imodzi. Mayi wathyola masamba, wapita nawo pa sikelo, kalaliki walemba kulemera kwake pa nambala ya mayiyo. Masamba akwera thirakitala kupita ku fakitale, kumene amayezedwanso. Kumeneko amafota, amadulidwa, amasintha mtundu, amaumitsidwa, amasankhidwa magiredi, amapakidwa. Ena amapita ku okushoni ya ku Limbe, ena kwa ogula a kunja mwachindunji, ndipo ogula amene amafuna zizindikiro ngati Fairtrade kapena Rainforest Alliance amafunanso mapepala osonyeza komwe tiyi wachokera ndi mmene antchito analipidwira. Nambala imene inalembedwa kumunda ija ndi yomwenso imakathera pa malipiro a mayi uja. Chimodzimodzi alimi ang'onoang'ono, monga a bungwe la Msuwadzi, amene amagulitsa masamba awo ku fakitale: ndalama yawo imadalira kilo imene yalembedwa.

Tsono ngati manambala amenewa ali pa makompyuta khumi osiyanasiyana, wina pa Excel yake, wina pa fulashi ya m'thumba, mavuto ake ndi odziwika. Fayilo imodzi imakhala ndi makope atatu osagwirizana. Fulashi imodzi yodwala imapatsira ofesi yonse. Kompyuta ikabedwa, yapita ndi mayina ndi malipiro a anthu. Hard disk ikafa, miyezi itatu ya ntchito yafera momwemo. Pa zonsezi, seva imodzi ndi mankhwala enieni. Kabokosi ka pa desiki atakaba, wakubayo wangotenga pulasitiki, mulibe fayilo ngakhale imodzi. Kakapsa, mumachotsa n'kulumikiza kena, kalaliki n'kupitiriza pomwe anasiyira. Pulogalamu ikafuna kukonzedwa, mumakonza kamodzi, osati ka 20.

Ndiye pali magetsi. Tonse tikukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, dziko n'kukhala mu mdima wosinthana mpaka 2023. Kompyuta wamba ya pa desiki imadya mawati 60 mpaka 100 ikamagwira ntchito, pomwe thin client imadya pakati pa 5 ndi 15. Tichite masamu ongoyerekeza, osawerengera masikirini poti mbali zonse alipo. Makompyuta 20 pa mawati 80 ndi mawati 1,600. Timabokosi 20 pa mawati 10 ndi 200, kuphatikiza seva ya mawati 300, zonse 500. Kusiyana kumeneko ndi kumene kumanena ngati ofesi ifunika jenereta ya dizilo kapena ingathe kuyenda ndi sola ndi mabatire. M'dziko limene dizilo timachita kugonera pa mzere, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Komanso timabokosi tambiri tilibe fani, ndiye sitimeza fumbi ngati zibokosi zija zimene ukazitsegula umapezamo fumbi loti n'kudzalamo mbatata. Chinthu chopanda zozungulira mkati chimachedwa kufa.

Walira mvula walira matope

Mpaka apa zikumveka bwino, eti? Wogulitsa amalekera pomwepa n'kutulutsa koteshoni. Ife tipitirire.

Choyamba, seva ikagwa, onse agwa. Pa njira yakale, kompyuta ya akalaliki a malipiro ikafa, amabwereka ya mnzawo. Pa njira yatsopanoyi, seva ikazima anthu 20 amangoyang'anana. Ndipo tiyi sadikira. Masamba akathyoledwa amafunika afike ku fakitale pasanathe maola ambiri, apo ayi amayamba kutentha n'kuwonongeka. Nthawi imene masamba amachuluka kwambiri, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndi nthawi yomweyo ya mvula, mphezi ndi mitengo yogwera pa mawaya. Ndiye kuti seva ili pa chiopsezo chachikulu pa nthawi imene ikufunika kwambiri. Amene akugula seva imodzi yokha, popanda ina yodikirira pambali, popanda zotetezera mphezi, popanda buku ndi bolopeni zoti kalaliki agwiritse zinthu zikavuta, ameneyo sakupulumutsa ndalama, akungosunga vuto kuti lidzaphulike tsiku la malipiro.

Tinaonapo kale dziko lonse likuima chifukwa cha makina a pakati. Kumayambiriro kwa 2024 ofesi ya Immigration inasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo, ndipo mu Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makinawo analowedwa ndi anthu amene ankafuna dipo. Achinyamata angati amene maulendo awo a sukulu ndi ntchito anaima? Ndi mmene zimakhalira zonse zikakhala malo amodzi.

Chachiwiri ndi mtunda. Thin client imasangalala m'nyumba imodzi. Waya wamba wa netiweki umathera pa mamita 100. Koma esiteti si nyumba imodzi. Ofesi yaikulu ili apa, fakitale ili uko, kiliniki kwina, maofesi a madivishoni ali kuseri kwa zitunda. Kuti onsewa afike pa seva pamafunika faiba yokumbira pansi kapena timawayilesi ta pa nsanja toonana maso ndi maso, ndipo Thyolo ndi dziko la zitunda ndi zigwa. Zimenezi ndi ndalama, nthawi zina zoposa zimene mwapulumutsa pa makompyuta. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatisonyeza kuti kuno misewu, milatho ndi mapolo zimatha kupita usiku umodzi. Ofesi ya divishoni imene ili ndi kompyuta yakeyake ingathe kumalembabe ngakhale italekanitsidwa ndi dziko. Ya kabokosi ikaduka netiweki, yasanduka chokongoletsa pa desiki.

Wina ati nanga bwanji seva ikhale pa intaneti, ku Johannesburg kapena ku Ulaya, poti Starlink inafika mu 2023? N'zotheka. Koma pamenepo ndiye kuti mwezi uliwonse mukulipira madola, ndipo tsiku limene intaneti yavuta ofesi yatseka. Komanso chithunzi chikamachokera kutali, kuchedwa kwake kumamveka m'zala: mwadina chilembo, chikuoneka mochedwa. Kwa kalaliki wolemba manambala tsiku lonse, zimenezo zimatopetsa kuposa mmene abwana angaganizire.

Chachitatu, si ntchito iliyonse imene imakwana m'mbale imodzi. Kulemba, Excel, pulogalamu ya malipiro, zimenezo bho. Koma wina akatsegula vidiyo, kapena mamapu aakulu a minda, kapena misonkhano ya pa Zoom, seva imalemedwa ndipo onse amamva. Masikelo, zosindikizira ndi makina owerenga zala nazonso zimafuna kuyesedwa kaye, poti si zonse zimene zimamvana ndi kabokosi.

Chachinayi, khomo lolowera. Njira imene timabokosi timalankhulira ndi seva ya Windows imatchedwa RDP, ndipo ndi limodzi mwa makomo amene akuba a pa intaneti amakonda kwambiri. Mu Meyi 2019 Microsoft inachita kutulutsa chigamba ngakhale cha Windows XP, imene inali itaisiya kalekale, chifukwa cha bowo la mu RDP lotchedwa BlueKeep. Katswiri waulesi akatsegula khomo limeneli ku intaneti kuti abwana azitha kulowa ali ku Blantyre, pasiwedi yake n'kukhala dzina la esiteti ndi 123, ndiye kuti nyumba yonse yatsekedwa ndi kamtengo.

Nkhani ya laisensi, imene ogulitsa amainong'ona

Apa ndi pamene masamu a anthu ambiri amasokonekera. Kompyuta kukhala imodzi sikutanthauza kuti laisensi ndi imodzi. Windows 10 kapena 11 wamba, malamulo ake salola kuti anthu angapo aziigwiritsa ntchito nthawi imodzi. Mukafuna kugawana mwalamulo mumagula Windows Server, kenako laisensi ya munthu aliyense kapena kabokosi kalikonse kolowa, kuphatikizapo ina yapadera ya Remote Desktop. Office nayonso imawerenga mitu. Zonsezi mitengo yake ndi ya madola, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Alipo mafana amene angakuuzeni kuti pali kapulogalamu kothyolera loko kuti Windows wamba izilola anthu ambiri. Kalipodi. Koma n'kuphwanya laisensi, ndipo kamakonda kufa Windows ikangolandira chigamba chatsopano. Zikatero mfana uja amathimitsa zigamba kuti geni isaonongeke, ndiye mwabwerera pa vuto lomwe munkathawa lija, kungoti pano anthu 20 onse ali m'bwato limodzi lobooka. Kampani imene imagulitsa tiyi ku Ulaya ndipo imayenderedwa ndi ma odita singachite masewera amenewo.

Njira ina ndi ya Linux ija. Zibokosi zakale zimene Windows 11 yazikana sizinafe ayi. Zikhoza kufufutidwa, kuikidwa Linux yopepuka, n'kumagwira ntchito ngati thin client, kaya kulowa pa seva ya Windows kaya ya Linux. Magetsi zizidyabe ambiri kuposa kabokosi, koma simunagule kanthu katsopano pa desiki, ndipo simunataye makina 20 kudzala. Kwa SACCO kapena sukulu yopanda madola, poyambira pabwino ndi pamenepa. Chofunika n'kufunsa kaye ngati pulogalamu yanu ya malipiro kapena ya akaunti imayenda pa Linux, poti zambiri zimafuna Windows basi.

Makiyi asunga ndani?

Kwa ine funso lalikulu si la mawaya. Ndi la mphamvu. Zonse zikakhala pa seva imodzi, amene ali ndi pasiwedi yaikulu angathe kuona chilichonse, kusintha chilichonse, kufufuta chilichonse.

A Malawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Cashgate ya 2013 inadutsa mu IFMIS, makina a pakati a ndalama za boma. Anthu ankalowetsa malipiro a katundu amene sanaperekedwe, macheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zolembedwazo m'makina. Mabiliyoni anapita. Makina a pakati sanabe ndalama, koma anachititsa kuti anthu ochepa okhala ndi makiyi abe zambiri mofulumira.

Tsitsani nkhani imeneyi ifike pa esiteti. Seva yoikidwa bwino imalemba aliyense amene walowa, nthawi yake, ndi chimene wasintha. Kilo ya munthu ikasinthidwa kuchoka pa 60 kufika pa 45, pamatsala phazi. Imeneyo ndi nkhani yabwino kwa wothyola tiyi, yoposa buku la pensulo limene munthu angafufute ndi labala. Koma phazi limeneli limagwira ntchito pokhapokha ngati aliyense ali ndi dzina lakelake lolowera. Ofesi yonse ikamalowa ndi pasiwedi imodzi yomatidwa pa sikirini, kapena abwana akamapatsa mthenga pasiwedi yawo kuti awasindikizire kalata, phazi lija ndi la aliyense, ndiye kuti si la munthu. Ndipo ngati munthu mmodzi yemweyo ndi amene amasunga seva, amasunga zolembedwa za olowa, amasunganso makope osungira, ndiye kuti khoswe wakhala pa mkhate.

Mu 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la PAWU anasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro m'mbiri ya tiyi kuno. Mgwirizano umanena mtengo, koma amene amanena kuti munthu wagwira masiku angati ndipo wathyola makilo angati ndi makina a mu ofesi. Ndiye a bungwe la antchito ali ndi chifukwa chokhalira ndi chidwi pa nkhani imene ikuoneka ngati ya a IT okhaokha. Wantchito ali ndi njira yoonera makilo ake tsiku ndi tsiku, kaya pa kapepala kaya pa foni? Akatsutsa, ndani amatsegula zolembedwa kuti aone amene anasintha? Seva ikagwa pa tsiku la malipiro, anthu alipidwa bwanji?

Palinso lamulo. Data Protection Act ya 2024, imene woyang'anira wake ndi MACRA, imaika udindo pa aliyense wosunga mbiri za anthu kuti azisunge motetezeka. Esiteti imasunga mayina, manambala a ziphaso, malipiro, ndipo kumene kuli kiliniki, ngakhale matenda a anthu. Kuika zonsezi pa seva imodzi kumathandiza kuzilondera, komanso kumatanthauza kuti wakuba akalowa kamodzi watenga zonse. Ndipo inu a mu ofesi dziwani kuti pa thin client palibe chobisika. Kalata yofunsira ntchito kwina imene mukulemba nthawi ya nkhomaliro ili pa seva ya abwana. Imeneyo lembani pa foni yanu.

Nanga ntchito zathu?

Tikambe zoona, mafana. Ofesi ya timabokosi sifuna munthu wozungulira ndi sikuludiraiva ndi fulashi ya Windows. Geni ya kufomata makompyuta ndi kuchotsa mavairasi, imene yadyetsa ambiri a ife amene sukulu inathera panjira chifukwa cha fizi, ichepa. Kumene kunali ntchito ya anthu atatu kudzatsala ya mmodzi.

Koma mmodziyo adzafunika kwambiri, ndipo funso ndi loti adzachokera kuti. Ngati seva ya ku Makwasa ikafa mpaka munthu achite kunyamuka ku Blantyre, kapena kuimbira foni ku Johannesburg, ndiye kuti ofesi igona tsiku lonse. Pomwe MUST ili konkuno ku Ndata, m'boma lomwe lino, ndipo yakhala ikuphunzitsa kuyambira 2014, kuphatikizapo maphunziro a makompyuta ndi chitetezo chake. N'zomvetsa chisoni kuti mwana aphunzire za maseva akuona minda ya tiyi pawindo, kenako n'kukasaka ntchito ku Lilongwe. Ma esiteti ndi yunivesite akanamakambirana za ophunzira oyeserera ntchito, onse akanapindula.

Ndipo kuphunzira zimenezi sikudikira digiri. Makompyuta awiri akale, waya umodzi wa netiweki ndi Linux yaulere zikukwana kuti munthu ayese yekha kunyumba: ina ikhale seva, ina ikhale thin client. Phunzirani kupanga maakaunti, kugawa zilolezo, kusunga makope ndi kuwabwezeretsa, kulumikiza nyumba ziwiri ndi wayilesi, kuwerengera mabatire ndi sola. Amene akudziwa zimenezi sadzasowa chochita, kaya ma esiteti asankhe njira iti.

Ndiye tigule kapena tisagule?

Maganizo anga ndi awa. Pa ofesi imene anthu khumi kapena kuposa ali m'nyumba imodzi, akugwira ntchito zofanana za manambala ndi makalata, kugawana seva n'kwanzeru, makamaka kuno kumene magetsi ndi madola zili zosowa. Pa maofesi a kutali, kuseri kwa zitunda, ndi pa sikelo ya kumunda, pakhale makina otha kugwira ntchito okha netiweki ikaduka, n'kudzatumiza manambala ikabwera. Pa kaofesi ka anthu atatu kapena anayi, musadzivutitse, seva ndi malaisensi ake zidzakudyerani zambiri kuposa malaputopu atatu, amenenso ali kale ndi batire yawo.

Ndipo wogulitsa akabwera ndi koteshoni yokongola, safunsa anadya phula. Mufunseni mtengo wonse wa zaka zisanu, malaisensi ali momwemo, ndipo anene kuti ndi zingati zimene zidzafune madola. Mufunseni kuti seva ikafa Lachisanu madzulo mu Januwale abwera ndani, kuchokera kuti, pa maola angati. Mufunseni kuti makope osungira azikhala kuti, poti kope limene lili m'chipinda chomwecho ndi seva lidzapsa nayo limodzi, ndipo akusonyezeni akubwezeretsa fayilo inu mukuona. Mufunseni kuti pasiwedi yaikulu adzasunga ndani, ndipo mukadzasiyana naye adzakusiyirani makiyi onse kapena ayi. Akayamba kukanda m'mutu pa mafunso amenewa, musasaine.

Inu amene mumagwira ntchito m'maofesi a m'ma esiteti, kapena makolo anu amalandira malipiro ochokera m'makina amenewa, tiuzeni m'makomenti: kwanuko makompyuta akadali pa Windows 10? Nanga netiweki ikagwa tsiku la malipiro, zimatha bwanji? Mayina a anthu ndi a makampani musatchule, ingofotokozani mmene zimakhalira.